Ntchito yatha, penshoni ili kutali: kodi anzathu akunja amachita bwanji?

Makanika_Chawama:
Abale, ndithandizeni maganizo. Kampani yomwe ndimagwirako ntchito yatichotsa tonse a ku wekishopu, akuti maoda achepa. Zaka zanga zili m'ma 40, ana ali pasukulu, ndipo alandilodi samva za kutha kwa ntchito. Mwezi uliwonse ankandidula 5% ya penshoni, abwana n'kuikapo 5% yawo, koma ndalama imeneyo akuti ndidzaiona ndikadzakalamba. Nanga pakati pano ndidya chiyani? Mlamu wanga ali ku Germany, ntchito itamuthera boma linkamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi mpaka anapeza ina. Bwanji kuno ku Zambia kulibe zimenezo? Kapena zilipo koma ife a ku komboni sitiuzidwa?

Nabanda_Kabwata:
Pepani kwambiri achimwene. Kodi 20% ija ya penshoni, yomwe a NAPSA, osunga thumba la penshoni la dziko lino, amalola kutapa musanapume, munatenga kale?

Makanika_Chawama:
Ndinatenga chaka chomwe anatsegula, achemwali. Ndinagula malata ndi simenti ya kanyumba ka ku Chipata. Paja amapereka kamodzi kokha.

Kanyimbi77:
Ndiye mukulira chiyani? Walira mvula walira matope.

Nabanda_Kabwata:
A Kanyimbi, munthu wagula malata, sanamwere mowa. Ngati mulibe chomuthandiza nacho ingowerengani mwakachetechete.

Akauntanti_Kamwala:
Achimwene, tiyambe ndi zomwe mungagwire m'manja sabata ino, za ku Germany zibwera pambuyo. Lamulo la ntchito la 2019, lija la Employment Code, likuti munthu wa ntchito yokhazikika akachotsedwa chifukwa choti malo ake atha, alipidwe malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chomwe wagwira. Ngati munali pa kontirakiti ya nthawi yoikika, pali gratuity yosachepera 25% ya basic pay yomwe munalandira pa kontirakitiyo. Musasaine pepala lonena kuti mwalandira zonse musanawerengetse nokha, ndipo masiku a tchuthi omwe simunapite awerengedwenso. Akayamba kuzemba, pitani ku ofesi ya Labour.

Tsono funso lanu lenileni. Ayi, kuno kulibe inshuwalansi ya munthu amene ntchito yamuthera. NAPSA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, n'kuyamba kugwira ntchito mu February 2000, ndipo imayang'ana zinthu zitatu: ukalamba, kulumala koti sungagwirenso ntchito, ndi amasiye ako ukamwalira. Ukavulala pantchito pali Workers' Compensation. Ukadwala pali NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo. Koma ukakhala wamoyo, wathanzi, ulibe ntchito, palibe thumba lomwe linapangidwira iweyo.

WaKuHamburg:
Za alamu anu ndi zoona, koma sanakuuzeni zonse. Ndalama imeneyo si mphatso ya boma. Ndi inshuwalansi yomwe amatidula pa malipiro mwezi uliwonse, theka wantchito, theka bwana. Ntchito ikatha umalandira 60% ya ndalama yomwe unkapita nayo kunyumba, 67% ngati uli ndi mwana, ndipo kwa munthu wosafika zaka 50 sizipitirira miyezi 12.

Kale zinali zofewa kuposa apa. Achikulire ankatha kulandira mpaka miyezi 32, ndipo ikatha imeneyo panali chithandizo china chowerengedwanso pa malipiro ako akale, chosatha ntchito isanapezeke. Gerhard Schröder ndiye anadula zimenezo pakati pa 2003 ndi 2005, potsatira malangizo a komiti ya Peter Hartz, mkulu wina wa ku Volkswagen. Kuyambira January 2005, miyezi yako ikatha umagwera pa kandalama kofanana kwa aliyense, kaya unali injiniya kaya unkasesa mumsewu, ndipo asanakupatse amayamba ayang'ana zomwe wasunga kubanki ndi zomwe mkazi kapena mwamuna wako amapeza. Ukakana ntchito yomwe akupezera, amakudula. Anthu anaguba Lolemba lililonse m'mizinda yambiri, ena a chipani chake anatuluka n'kukayambitsa chawo, ndipo pofika November 2005 pampando panali Angela Merkel. Ulova unatsikadi m'zaka zotsatira, kuchoka pa anthu oposa 5 miliyoni kumayambiriro kwa 2005, koma mpaka lero akukangana ngati anautsitsa ndi malamulowo kapena ndi chifukwa choti katundu wa Germany ankagulidwa kwambiri kunja. Chomwe ine ndimaona ndi maso ndi tintchito ta malipiro ochepa tambirimbiri, munthu kugwira tiwiri kuti akwanitse lendi.

Kanyimbi77:
Miyezi 12 kulandira 60% uli gone kunyumba? Kuno theka la Lusaka lingadzichotse lokha ntchito mawa lomwe.

WaKuHamburg:
Anaganizira kale anthu ngati inu. Ukasiya wekha ntchito popanda chifukwa chomveka amakutsekera masabata 12. Uyeneranso kukhala utasonkha miyezi 12 m'kati mwa miyezi 30 yapitayo. Ndipo kugona kumene mukunenako kulibe, amakuitana ku ofesi kukaonetsa komwe wafunsira ntchito.

TichaWopuma:
Ana anga, mundilole ndilankhuleko ine wamvula zakale. Inu mukuona ngati vuto ndi kusowa kwa thumba. Ife tinaona thumba lilipo koma ndalama yake itasanduka mapepala. NAPSA isanabwere kunali ZNPF, yomwe inayamba mu 1966. Kumeneko unkasonkha, ukapuma n'kukupatsa zonse kamodzi. Ndiye kunabwera zaka za 1992 ndi 1993, mitengo ikukwera kupitirira 100% pa chaka. Anthu amene anasonkha moyo wawo wonse ku migodi ndi m'makampani a boma anatuluka ndi ndalama yosakwana kugula njinga yabwino. Nthawi yomweyo makampaniwo akutsekedwa, Zambia Airways inagwa mu December 1994, mabasi a UBZ n'kutsatira. Anthu anabwerera kumudzi chimanjamanja, ena anamwalira akuyendera ndalama zawo.

N'chifukwa chake pokonza NAPSA anati munthu azilandira mwezi ndi mwezi mpaka imfa, ndalamayo izikwezedwa motsatira malipiro a m'dziko, bola ukhale utasonkha miyezi 180, kutanthauza zaka 15. Osakwanitsa miyezi imeneyo ndi amene amapatsidwa kamodzi. Ine nditamva za 20% mtima unagunda, chifukwa ndinaona tikubwerera komwe tinachoka.

Dalaivala_Matero:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, inu munapuma pa 55. Ife anatikankhira ku 60. Munthu woyendetsa lole usiku pa Great East Road, mapiri a ku Luangwa aja, afike 60 maso akuonabe? Ndipo amati Mzambia amakhala zaka 60 ndi pang'ono chabe. Ndiye kuti usonkhe moyo wonse, udyerere zaka ziwiri, n'kupita.

WophunziraZachuma:
Amalume a Dalaivala, nambala imeneyo imasocheretsa anthu ambiri. Zaka zomwe amalengeza zija amawerengera kuyambira pa kubadwa, ndipo zimatsitsidwa ndi ana amene amamwalira ali makanda. Munthu amene wafika kale pa 60 kawirikawiri amakhalabe zaka zina zopitirira khumi. Thumba la penshoni limawerengera zimenezo. Kumbukiraninso kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi ili pachimake, anthu ambiri sankafika n'komwe msinkhu wopuma. Ma ARV atabwera anthu anayamba kukalamba, zomwe ndi zabwino, koma kwa wosunga thumba ndiye kuti olandira achuluka. Poyamba anafuna kukweza mpaka 65, anthu atadandaula mu 2015 anaika makomo atatu: 55 kupuma msanga, 60 msinkhu weniweni, 65 mochedwa.

Za ku Ulaya zimveni motere. M'mayiko ambiri kumeneko ndalama yomwe wachinyamata wadulidwa mwezi uno sisungidwa, imalipira agogo a mwezi womwewu. Zili ngati chilimba choti olandira sasonkhanso, amangodalira kuti pakhomo pakulowa atsopano. Olowa akachepa, olandira n'kuchuluka, chilimba chimagwedezeka. Pamene Otto von Bismarck ankayambitsa penshoni ya boma ku Germany mu 1889, msinkhu wolandirira unali 70, ndipo ofikapo anali ochepa. Lero ku Germany, pa anthu asanu aliwonse, woposa mmodzi wadutsa zaka 65, ndipo ana akubadwa ochepa. Boma likafika pamenepo lili ndi zochita zochepa: kukweza zosonkha, kuchepetsa zolandira, kukweza msinkhu, kapena kuthiramo ndalama za msonkho. Zonse zimapweteka wina. Andale amakonda kukweza msinkhu pang'onopang'ono chifukwa amene zidzawakhudze kwambiri sanayambe kuziganizira. Germany inavomereza 67 mu 2007, koma kukwera kwake kunayamba mu 2012 ndipo kudzatha mu 2031.

Dalaivala_Matero:
Mwayankha za nambala, mphwanga, koma za msana simunayankhe. Wa mu ofesi ndi wonyamula matumba a simenti sangapume pa msinkhu umodzi.

WophunziraZachuma:
Pamenepo sindikutsutsani. Ndi mkangano womwewo unayatsa moto ku France mu 2023. Emmanuel Macron anakweza msinkhu kuchoka pa 62 kufika pa 64, ndipo ataona kuti mavoti sakwana m'Nyumba ya Malamulo, nduna yaikulu Élisabeth Borne inadutsitsa lamulolo popanda voti pogwiritsa ntchito gawo 49.3 la malamulo aakulu a dzikolo. Otola zinyalala ananyanyala ntchito, Paris inadzaza milu ya zinyalala. Mfundo yawo inali yanuyo: amene anayamba ntchito ali wamng'ono, ntchito yake ya thukuta, ndiye amataya kwambiri msinkhu ukakwera, ndipo ndi yemwenso amafa msanga. Ku France nkhaniyi ndi yakale. François Mitterrand anatsitsa msinkhu kufika pa 60 mu 1982, Alain Juppé anayesa kukhudza penshoni za ogwira ntchito m'boma mu 1995 sitima zinaima masabata atatu mpaka anabwerera m'mbuyo, Nicolas Sarkozy n'kukweza kufika pa 62 mu 2010.

Kanyimbi77:
Macron sadziwa ndale. Akanaphunzira kwa a ku Russia. Iwo analengeza zokweza msinkhu wopuma pa 14 June 2018, tsiku lomwe World Cup imayamba ku Moscow. Anthu maso ali pa mpira, boma likuwonjezera zaka zisanu.

Mjoni_Chadiza:
Ndiye kuno atadikira tsiku loti tapita ku World Cup, msinkhu sudzakwera mpaka kalekale.

WaKuMchinji_Kalingalinga:
Hahaha, mwanena nokha, ine mlendo sindinatsegule pakamwa.

Dalaivala_Matero:
Inu a ku Mchinji khalani chete. Ife chikho cha Africa tinatenga mu 2012 ku Libreville, Ivory Coast ya Drogba ikuona. Flames inatenga chikho chanji?

WaKuMchinji_Kalingalinga:
Chikho cha 2012 chomwecho mudzadyera mpaka penshoni. Chakalamba, chafika pa early retirement.

Nabanda_Kabwata:
Azibambo inu, munthu wachotsedwa ntchito ndipo inu muli pa mpira. Za Chipolopolo kakambiraneni kwina.

Mjoni_Chadiza:
Pepani amayi, tabwerera. Ine ndinene za kuno ku Joni, chifukwa Germany ndi kutali ndipo wina anganene kuti zimatheka chifukwa ndi olemera. South Africa ili ndi UIF, thumba la inshuwalansi ya ulova. Wantchito amadulidwa 1%, bwana amaikapo 1%, basi. Ntchito ikatha, osati kusiya wekha, umakalembetsa ndipo umalandira gawo la malipiro ako, kwa amene wasonkha zaka zinayi zimatha kufika masiku 365. Wa malipiro ochepa amalandira gawo lalikulupo kuposa wa malipiro ambiri. Antchito a pakhomo nawonso ali momo. Mizere ndi yaitali, mapepala amavuta makamaka kwa ife obwera, koma chinthucho chilipo ndipo nthawi ya Covid chinagwira anthu ambiri.

China ndi chomwe anayamba pa 1 September 2024 pa penshoni za kuntchito. Zosonkha zako amazigawa pawiri. Gawo limodzi mwa magawo atatu limapita m'thumba lomwe ungatapemo kamodzi pa chaka, koma amadulapo msonkho. Magawo awiri otsalawo amawatsekera mpaka udzapume, ngakhale usiye ntchito. Anatero chifukwa anthu ankasiya dala ntchito kuti atenge penshoni yonse alipire ngongole. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yanzeru kuposa 20% yathu ya kamodzi, chifukwa mavuto sabwera kamodzi pa moyo.

Akauntanti_Kamwala:
A Mjoni mwakhudza penipeni. Lamulo la 20% linasainidwa ndi a Hakainde Hichilema mu April 2023, ndipo oyenera anali amene asonkha miyezi 60 kapena afika zaka 45. Silinafunse ngati uli pantchito kapena ayi. Ndiye ambiri anatenga ali pantchito, malipiro akubwera, ndipo tsiku lenileni la mavuto likafika khomo latsekeka kale. Komanso anthu amaganiza kuti anatenga ndalama yapadera. Ayi, penshoni yanu ya kutsogolo idzachepa molingana ndi zomwe munatapa. Ine ndimati tikusowa thumba la ulova, ndiye tikugwiritsa ntchito thumba la ukalamba kutseka dzenje limenelo. Wolipira ndi inu nomwe mukadzafika 65.

Kanyimbi77:
Ndalama ndi yanga. Ndikagula puloti ku Chongwe lero, pofika 60 idzakhala itakwera kuposa kapenshoni kanuko. Bwanji boma lindisungire ngati ndine mwana?

WophunziraZachuma:
A Kanyimbi, dziko lomwe linayesa maganizo anuwo mpaka kumapeto ndi Chile. Mu 1981, nthawi ya Augusto Pinochet, nduna José Piñera inathetsa thumba la onse n'kuti aliyense akhale ndi akaunti yake, azisonkha 10% ku makampani oyendetsa penshoni. Chodabwitsa, asilikali anakhalabe m'ndondomeko yawo yakale ya boma. Mayiko ambiri anatengera, akuluakulu a zachuma akuyamikira. Patapita zaka, anthu oyamba kupuma anapeza kuti ndalama ndi yochepa, makamaka amayi ndi onse amene ankagwira ntchito modukizadukiza, chifukwa mwezi womwe sunasonkhe palibe amene amakusonkhera. Mu 2008 Michelle Bachelet anachita kuwonjezera penshoni ya boma ya osauka, ndipo mu 2016 anthu zikwi mazanamazana anaguba kukana makampaniwo. Covid itabwera, Nyumba ya Malamulo inalola anthu kutapa 10% katatu, mu 2020 ndi 2021. Ndalama pafupifupi madola 50 biliyoni zinatuluka, anthu mamiliyoni anatsala ndi akaunti zopanda kanthu, ndipo boma linayenera kukulitsanso penshoni yochokera ku msonkho mu 2022.

Puloti yanu ikhoza kukwera, inde. Koma pa anthu khumi otenga ndalama, si onse adzagule puloti. Wina alipira kaloba, wina maliro, wina fizi. Akadzakalamba opanda kanthu adzagogoda kwa inu nomwe a puloti.

Kanyimbi77:
Nanga ndalama zathu zikamanga ma shopping mall ndi misewu, anatifunsa?

Akauntanti_Kamwala:
Funso limeneli ndiye labwino, ndipo muzilifunsa kawirikawiri. Thumba liyenera kuika ndalama penapake kuti ziswane, apo ayi kukwera kwa mitengo kuzidya monga anenera aphunzitsi. Shopping mall ya Levy Junction ndi ya NAPSA, ndipo ndalama zambiri zimabwerekedwa ku boma lomwe. Ndiye boma likalephera kubweza ngongole, monga zinachitikira ndi ngongole yakunja mu November 2020, wopenshoni ali ndi chifukwa chokhalira tcheru. Chofunika ndi kuona malipoti a chaka ndi chaka, ndi kuti oimira antchito mu bodi akhale anthu olimba, osati ongolandira ma allowance.

MayiWaSalaula_Soweto:
Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba ndipo ndikuseka ndekha. 55, 60, 65, 67. Ine ndidzapuma tsiku lomwe miyendo idzakane kundifikitsa pa msika. Palibe anandidulapo 5%, palibe bwana woikapo 5% yake. Ndipo tili ambiri kuposa inu a payslip, pitani ku Soweto, ku City Market, pa Lumumba Road, muwerenge. Mukamati boma likonze penshoni mukunena za kagulu kochepa. Amayi anga ali ku Katete, analima fodya ndi thonje moyo wawo wonse, dziko linadya thukuta lawo. Penshoni yawo ndine, ndi mobile money ya pa 30.

TichaWopuma:
Amayi, mwalankhula zoona zowawa. Ndilibe choyankha.

WophunziraZachuma:
Apa ndiye pali kusiyana kwathu ndi Ulaya, ndipo n'chifukwa chake kukopera malamulo awo osaganiza n'kulakwa. Iwo okalamba achuluka, osonkha achepa. Ife kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, ndipo opitirira zaka 65 ndi ochepa kwambiri. Achinyamata tili nawo, koma sali pa payroll ya aliyense. Inshuwalansi ya ulova imafuna kuti udziwe tsiku lomwe munthu wayamba ntchito ndi tsiku lomwe yatha. Wogulitsa pa kantemba ntchito yake imatha liti?

Koma poti okalamba athu ndi ochepa, kuwapatsa onse kandalama kuchokera ku msonkho n'kotheka kuposa momwe anthu amaganizira. Botswana inayamba mu 1996 kwa a zaka 65, Lesotho mu 2004 kwa a zaka 70, Zanzibar mu 2016 kwa a zaka 70, Namibia imapereka kuyambira pa 60. Lesotho si dziko lolemera kuposa ife. Ndipo amayi, kwanu ku Katete komweko ndi kumene anayesera zimenezi kuyambira 2007, kupatsa okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo m'madera osankhidwa popanda kufunsa ngati ndi osauka. Mtukula wa boma uja wa social cash transfer anayambira ku Kalomo mu 2003, koma iye amasankha mabanja, sapatsa wokalamba aliyense.

MayiWaSalaula_Soweto:
Kusankhako ndiye kumabweretsa udani m'mudzi. Agogo awiri oyandikana nyumba, wina alandira wina ayi, chifukwa wina ali ndi mwana ku Lusaka. Akudziwa kuti mwanayo amagulitsa mabelo angati?

WaKuMchinji_Kalingalinga:
Kwathunso ndi chimodzimodzi ndi Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006. Maina akatuluka, mfumu imagona ndi nkhawa. Pa za penshoni ya kuntchito ife tinatenga njira ina. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza bwana kuika 10%, wantchito 5%, ndipo ndalama imapita mu akaunti yako ku kampani ya penshoni, pafupifupi monga ku Chile kuja. Ukakhala miyezi ingapo osapeza ntchito umaloledwa kutapako, ndiye penshoni yomweyo ndiyo yasanduka inshuwalansi ya ulova. Mavuto ndi awiri. Mabwana ena amadula pa payslip koma osatumiza. Kenako kwacha ikagwa, monga mu November 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44% tsiku limodzi, zomwe wasunga zaka zonse zimafota uli maso.

NesiKuLeeds:
Ndalowa mochedwa, ndinali pa night. Ndiwonjezere za kuno ku UK, chifukwa anthu kumudzi amaganiza kuti tikusambira m'ndalama za boma. Ambiri a ife pa visa yathu palembedwa kuti sitiloledwa kulandira chithandizo cha boma. Timadulidwa National Insurance mwezi uliwonse, timasamalira okalamba awo usiku wonse, koma Universal Credit sitiyandikira. Ndipo ngakhale eni dziko, chithandizo chimenecho, chomwe chinayamba mu 2013 pophatikiza zithandizo zisanu ndi chimodzi, umadikira masabata asanu usanalandire koyamba. Ndi nthawi imeneyo anthu amapita kukapempha chakudya ku ma food bank.

Penshoni ya boma imafuna zaka 10 zosonkha kuti ulandireko kalikonse, 35 kuti ulandire yonse. Msinkhu unafika 66 mu 2020, ndipo lamulo linaika kuti ufike 67 pofika 2028. Amene anapwetekeka kwambiri ndi amayi obadwa m'zaka za m'ma 1950. Ankadziwa kuti adzapuma pa 60, lamulo la 1995 linakweza kuti afanane ndi abambo, la 2011 n'kufulumizitsa, ndipo ambiri akuti sanauzidwe nthawi yabwino. Ena anasiya ntchito kuti asamalire makolo, n'kudzazindikira kuti kwatsala zaka zina zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Koma taonani, okalamba amene akulandira kale palibe wandale amawakhudza. Penshoni yawo imakwera chaka chilichonse ndi chachikulu pa zitatu izi: mitengo, malipiro, kapena 2.5%. Chifukwa chake n'chosabisa, okalamba amavota, achinyamata osowa ntchito ambiri savota.

Dalaivala_Matero:
Ndiye palibe dziko lomwe linakonza popanda ndewu?

WophunziraZachuma:
Sweden inayesetsa. Zipani zisanu, za boma ndi zotsutsa, zinakhala pansi n'kugwirizana mu 1994, ndondomeko n'kuyamba mu 1999. Pa 18.5% yosonkha, 16% imalembedwa pa dzina lako ngakhale ndalamayo ikulipira okalamba a lero, 2.5% imaikidwa m'misika ya ndalama. Ukamapuma amagawa zomwe zalembedwazo ndi zaka zomwe anthu a msinkhu wako akuyembekezeka kukhala. Anthu akamakhalitsa, ya pamwezi imachepa yokha, kapena ugwire ntchito nthawi yaitaliko. Anaikamonso buleki yoti chuma chikavuta penshoni itsike popanda voti, ndipo inagwiradi mu 2010. Chaka chilichonse aliyense amalandira envelopu ya mtundu wa lalanje yomuuza pomwe ali. Ndewu inachepa chifukwa palibe nduna yoti uiloze chala, koma kudulako kulipobe. Denmark nayo inamangirira msinkhu ku kutalika kwa moyo, ndipo mu 2025 inavomereza kuti udzafike 70 mu 2040. Komweko mu 2010 anafupikitsa ndalama ya ulova kuchoka pa zaka zinayi kufika ziwiri.

TichaWopuma:
Envelopu imeneyo ndaikonda. Ife ambiri tinkadziwa zomwe tili nazo tsiku lopuma, mochedwa kale. Chimodzi chomwe tinapindula kuno ndi malamulo aakulu a 2016, omwe akuti wopuma amene sanapatsidwe ndalama zake akhalebe pa payroll mpaka alipidwe. Anzathu akale analibe chitetezo chimenecho, ankagona pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kudikira mafayilo. Ana inu muziyang'ana statement yanu pa foni, muone ngati miyezi yonse yalowa. Bwana akadula osatumiza, mwezi umenewo suwerengedwa pa 180 paja mpaka nkhaniyo itakonzedwa.

Mjoni_Chadiza:
Ine ndikadali pa 1% ndi 1%. NHIMA inayamba chomwecho ndipo anthu anazolowera. Chingalephereke n'chiyani kuti pakhale kathumba ka miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kwa amene ali kale pa payroll?

Akauntanti_Kamwala:
Mabwana adzati tikulipira kale miyezi iwiri pa chaka tikachotsa munthu, ndiye chotsani chimodzi. Mabungwe a antchito adzakana kutaya miyezi iwiriyo. Koma ine ndimaona ubwino wa thumba: kampani ikagwa, miyezi iwiri ija imagwa nayo limodzi, antchito n'kumathamanga m'makhoti zaka. Thumba silidalira kuti bwana wako ali ndi ndalama tsiku limenelo.

MayiWaSalaula_Soweto:
Mwabwereranso kwa a payslip.

Akauntanti_Kamwala:
Ayi amayi, khomo la odzilemba okha ntchito linatsegulidwa, a m'misika, oyendetsa mabasi ndi alimi atha kulembetsa n'kumasonkha pa foni. Vuto ndi loti inu mumasonkha nokha popanda bwana wothandiza, ndipo ndalama ya Januwale siifanana ndi ya Disembala.

MayiWaSalaula_Soweto:
Ndikhoza kusonkha ngati atandilola kuika yambiri mwezi wa malonda, yochepa mwezi wa mvula. Ku village banking timatero. Koma ndili ndi funso kwa inu nonse ophunzira amene mwatiuza za Sweden ndi Chile. Ambiri a inu muli ndi mtsikana wantchito kunyumba, ena muli ndi wa m'dimba ndi mlonda. Lamulo likuti bwana alembetse wantchito wake. Ndi angati pano munawalembetsa, n'kumaika 5% yanu?

NesiKuLeeds:
Amene amasamalira amayi anga ku Chelstone ndinamulembetsa, mng'ono wanga ndi amene amatumiza.

Nabanda_Kabwata:
Mmodzi. Ena? A Kanyimbi, paja munatiuza kuti muli ndi antchito awiri ku Chalala.

Kanyimbi77:
Netiweki ikuvuta kuno, mauthenga sakulowa bwino.

Nabanda_Kabwata:
Za World Cup zinalowa bwinobwino.